Mfundo Imene Kazembe Anameza

Lamulungu, 16 Juni

Okondedwa achemwali,

Ndikulemba masana ano titangobwera kutchalitchi, nditakhala patebulo la pabalaza. Alamu anu ali pompano akusita mayunifomu, ndipo mwana wathu wamkazi ali pakhonde akutsuka nsapato. Ndatchula amene alipo kuti mudziwe kuti sindikulemba mobisa. Mwana wanu yekha ndiye kulibe. Watuluka 9 koloko atavala jekete, akuti ali ndi zokambirana.

Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga alamu anga akumwabe mankhwala awo, kapena ayambanso kunena kuti achira? Ife kuno tili bwino. Denga la kuchipinda cha ana linkadontha, koma eni nyumba anabwera pa 4 Juni kudzamata. Mwana wamng'ono anachita chifuwa masiku asanu, pano akuthamanga.

Mwina mukudabwa kuti kalata ndi yachiyani foni ilipo. Pafoni inu mumandiposa, achemwali. Mumayankhula, kenako mumalira, ine n'kungovomera, ndipo foni ikaduka ndimapeza kuti ndalola chinthu chimene sindinachifune. Papepala palibe wondidula mawu.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wanu ali ndi fomu yopitira ku China kukaphunzira chaka chimodzi. Fomuyo ikufuna kuti ine ndisaine, poti ku yunivesite analemba ine ngati womuyang'anira, ndipo iyenera kubwezedwa pofika Lachisanu pa 28 Juni. Ndakana kusaina. Akuimbirani, ngati sanaimbe kale. Musanandikwiyire, werengani mpaka kumapeto.

Mwanayu wakhala m'nyumba mwanga zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Sindinadandaulepo. Chibwerereni inu chaka chatha n'kuuza amayi a pamzere wathu kuti mwana wanu akuphunzira Chitchaina ndi za ubale wa pakati pa mayiko, aliyense pano amamutchula kuti Kazembe. Poyamba zinali zoseka. Pano ukamuitana dzina lake lenileni amachedwa kutembenuka.

M'mawa uliwonse amadzuka 5 koloko n'kumabwereza mawu amodzimodzi, pena mokweza, pena motsitsa, ngati mbuzi yoti chingwe chaikola pakhosi. Alamu anu masiku oyamba anathamangira kuchipinda kwake ndi madzi, poganiza kuti watsamwa. Khoma lonse analimata timapepala ta zilembo zawo zija, akuti akudziwa zilembo 2,400. Ndowa ya madzi sanyamula, akuti dzanja limanjenjemera polemba. Tikamadya amatithetsera nkhondo za dziko lonse lapansi, uyu agonje apa, uyu apepese apo, koma iye ndi msuweni wake atha milungu itatu osayankhulana chifukwa cha chaja ya foni.

Zonsezi ndinkangoziseka. Sindikunena kuti ndi mbuli, ayi. Chitchainacho amachidziwadi, ndinamumva ndi makutu anga. N'chifukwa chake zimene anachitazi zikundinyansa.

Mukudziwa kuti ndagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi kusitolo ya zipangizo zomangira nyumba, kulemba katundu wolowa ndi wotuluka. Bwana wathu ndi Mtchaina, ndipo mkazi wake ndiye amakhala pakauntala. Tinali ndi womasulira, koma anasiya ntchito pa 1 Malichi. Kuchokera pamenepo timangolozerana ndi zala, kapena bwana amayankhula pafoni yake n'kutionetsa zimene yalemba. Pa nkhani ya misomali foniyo imathandiza. Nkhani ikatalika imasokoneza.

Pa 3 Epulo mpopi wa kuyadi unafa. Lachiwiri pa 28 Meyi kunabwera lole ya simenti, matumba 600, ndipo 23 anali ong'ambika komanso onyowa. Mmodzi mwa onyamula katundu, amene timawatchula kuti bambo a mapasa, anauzidwa kuti awole simentiyo aiike m'matumba ena. Anawola ndi manja, poti magolovesi anatha kalekale, kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo posamba panalibe. Achemwali, simenti yonyowa imadya munthu. Pofika madzulo khungu la m'manja mwawo linali litasupuka mpaka m'zala. Kuchipatala anawamanga mabandeji n'kuwauza kuti asagwire kanthu kwa mwezi ndi theka.

Vuto ndi kaundula. Munthu akapanda kubwera, mkazi wa bwana amaika mtanda pa dzina lake, ndipo kompyuta imatumiza kulikulu la kampani. Mitanda ikakwana 30 popanda lipoti loti munthuyo anavulalira pantchito, likulu limangomuchotsa ntchito, ngakhale bwana asafune. Mtanda woyamba wa bambo a mapasa unagwa pa 29 Meyi, ndipo amawerengera ndi Lamulungu lomwe. Wa nambala 30 udzagwa Lachinayi pa 27 Juni.

Lachitatu pa 5 Juni antchito tinakhala pansi nthawi yopuma. A kapitawo ankanena, ine ndinkalemba. Mfundo zinatuluka zisanu ndi ziwiri. Yoyamba kuthokoza bwana chifukwa cha denga limene anatiikira pamalo odyera. Kenako magolovesi mapeyala 22, majombo mapeyala 14, zotchinga pamphuno 22, ndi mpopi. Yachisanu ndi chimodzi inali ya bambo a mapasa. Yomaliza kufunira kampani zabwino, monga mwa ulemu. Funso linali lakuti atinenera ndani. Apa ndi pamene ndinalakwa, achemwali. Ine amene sindikonda kuyankhula pagulu ndinakweza dzanja, n'kunena kuti kunyumba kwanga kuli mwana wa achemwali anga wa chaka chachitatu ku yunivesite.

Nditamuuza anavomera msangamsanga, mpaka ndinadabwa. Anafunsa kukula kwa kampani, anafunsa ngati bwana ali ndi chidindo chakechake. Ine ndinkaona ngati ndi chidwi chabe.

Tinakumana Lachisanu pa 7 Juni, 2 koloko, mu ofesi. Analipo bwana, mkazi wake, a kapitawo, antchito awiri a kuyadi, bambo a mapasa ndi mabandeji awo, ine, ndi Kazembe wanu atavala suti ija munamutumizira. Polowa pageti anadutsa anzanga ngati akudutsa milu ya njerwa, akutukula miyendo kuti nsapato zisadetsedwe ndi fumbi. Khadi lake anapereka kwa bwana ndi manja awiri, atawerama. Ine khadilo ndinali ndisanalionepo. Munthu wopanda ntchito, koma khadi ali nalo.

A kapitawo anayankhula mphindi zisanu ndi zinayi, ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma. Anawerenga mfundo zonse. Kazembe ankangogwedeza mutu, osalemba kanthu. Kenako anakonza tayi n'kuyamba. Kunena zoona zinkatuluka bwino, ngati wailesi. Bwana anatong'ola maso, mkazi wake anasiya cholembera. Anayankhula mphindi zinayi. Bwana anaseka, anaomba m'manja, anatulutsa tiyi wa m'timakapu ting'onoting'ono tija, ndipo awiriwo anacheza mphindi zina makumi awiri ife titangokhala. Pomaliza tinajambulitsa chithunzi. Bambo a mapasa anawaimika kumbuyo, manja osaoneka.

Panja anzanga anamuzungulira. Iye anati bwana walandira uthenga ndi mtima wabwino ndipo zitseko zatseguka. A kapitawo anamugwira dzanja ndi manja onse awiri, akuti sukulu ndi yabwino. Wina anati mwana ameneyu tidzamuonera pa TV.

Ine sindinaombe nawo m'manja. Ndinalekezera ku pulaimale, Chitchaina sindichidziwa, koma zaka zisanu ndi zinayi ndawerenga katundu ndi bwana ameneyu tsiku ndi tsiku. Manambala awo ndimawamva kuyambira 1 mpaka 1,000, ngakhale ali kuseri kwa lole. Ndimadziwanso mawu awo a simenti, madzi, mawa, ndi fulumira. Tsono ndinatchera khutu kudikira 22. Sanabwere. Ndinadikira 14, ndinadikira 28, tsiku lija la simenti. Ndinadikira simenti, ndinadikira madzi. Pa mphindi zinayi zonsezo panalibe nambala ngakhale imodzi. Amene ndinawamva ndi mawu awo othokozera aja, ndipo ndinawawerenga, anawanena kakhumi ndi kamodzi.

Madzulo tikudya ndinamufunsa mofatsa kuti pepala lathu linali ndi manambala, nanga anapita kuti. Anayamba wandiyang'ana ngati mpando wayankhula. Kenako anaseka, nati malume muli ndi khutu. Anavomera yekha kuti anamasulira mfundo yoyamba ndi yomaliza, ndipo pakati anaikapo mawu ake okhudza ubwenzi wa anthu a mayiko awiri. Akuti pa msonkhano woyamba sutulutsa madandaulo, umayamba wamanga ubale. Akuti anthu amenewa chachikulu kwa iwo ndi nkhope, ukamuchititsa manyazi pamaso pa antchito ake ndiye kuti watseka njira. Akuti zimenezi anaphunzira teremu yathunthu ndipo anakhoza kuposa onse.

Alamu anu ndi amene anamuyankha, ine ndinali ndikutafunabe. Anamufunsa kuti kodi m'buku lakelo muli tsamba la nkhope yokha, la manja anang'amba? Iye anati azakhali izi ndi nkhani za ukatswiri. Iwo anati ukatswiri woterowo ngakhale mphaka ali nawo, amadzikhuza pa mwendo wa amene wanyamula mbale. Anadzuka osamaliza kudya. Chakudyacho tinamusungira, ndipo m'mawa tinapeza mbale ili yoyera.

Lolemba pa 10 ndinalowa ndekha mu ofesi. Ndinatenga golovesi yakale yobooka zala zonse, jombo yopanda chidendene, ndi kansalu kamene anyamata amamanga pamphuno. Ndinaziyala patebulo la bwana chimodzichimodzi, n'kumatchula nambala m'chiyankhulo chake. Kenako ndinamukoka dzanja la malaya mpaka kuyadi, ndinapotokola mpopi, n'kunena mawu awo a madzi.

Achemwali, munthuyo sanakwiye. Nkhope imene Kazembe ankaisunga ija sinagwe pansi, ndinayang'ana. Anangokanda m'mutu, natulutsa foni, naloza chithunzi cha Lachisanu chija, natambasula manja ngati akufunsa kuti nanga tsiku lija bwanji simunanene. Mkazi wake anayang'anitsitsa suti ya pachithunzipo n'kunena mawu afupiafupi. Sindinawamve, koma ndi mawu amene mayi aliyense amanena akapeza mwana wabisa mbale zakuda pansi pa bedi.

Mpopi anaukonza Lachiwiri, ndipo ntchito yake inatenga mphindi 40. Magolovesi ndi zotchinga pamphuno zinafika Lachitatu, majombo Lachisanu. Ndinalemba ndekha m'buku la katundu wolowa. Mfundo zinayi, munthu wa pulaimale, ndi jombo yong'ambika.

Ya bambo a mapasa ndiyo inandikanika. Ndinaonetsa kalata ya kuchipatala. Bwana anatsegula kaundula, analoza mitanda, analoza kumwamba kutanthauza likulu, kenako anachita ngati akulemba. Tinavutikira pafoni yake theka la ola mpaka ndinamva. Likulu limafuna lipoti la m'Chitchaina lofotokoza zimene zinachitika, tsiku, nthawi, amene anaona, ndiponso mawu a mwini wake wovulalayo monga wanenera. Bwana ndi wokonzeka kudinda. Chimene sangathe ndi kumva bambo a mapasa. Pakufunika munthu wa makutu awiri, akhale pansi, amve uku, alembe uku. Tsamba limodzi basi. Pa zilembo 2,400 zija sindikhulupirira kuti zingathe 300.

Ndikutuluka mu ofesimo, mkazi wa bwana anandipatsa envelopu, kusonyeza kuti ndi ya Kazembe. Inali yosamata. M'kati munali kalata ya zilembo zawo, chithunzi cha Kazembe pakona, ndi chidindo chofiira pansi. Tsiku lake ndinaliwerenga, 7 Juni. Apa ndi pamene ndinadziwa zimene ankakambirana mphindi makumi awiri zija, ife tikumwa tiyi wopanda shuga. Ofuna kupita ku China amafunika kalata yowachitira umboni yochokera ku kampani, ndipo iye analibe. Ndiye kuti pa msonkhano woyamba sutulutsa madandaulo a anthu 22, koma pempho lako umatulutsa. Mwina zimenezo zili m'teremu ina.

Envelopuyo ndinamupatsa tsiku lomwelo. Sindibisa katundu wa munthu.

Lachinayi pa 13 anabwera ndi fomu, cholembera atatsegula kale, chala chili pamzere wosainapo. Anandiitana kuti malume anga okondedwa, mawu amene ndinawamva komaliza tsiku limene ankafuna chipinda. Ndinamuuza za lipoti. Anati lipoti lotero lingaike bwana pamalo ovuta kulikulu, ndipo si nzeru kuchita zimenezo kwa munthu amene wangomuchitira umboni. Ndinamuuza kuti bwanayo ndi amene akulifuna. Anati malume simungadziwe zimene munthu akutanthauza pongoona manja ake. Anati tidikire fomu ilowe pa 28, kenako adzaiona nkhaniyo mwaukadaulo. Ndinamuuza kuti sukulu yanga ndi yochepa, koma kumene ndinaphunzirako 27 amabwera 28 asanafike.

Ndiye anayamba ukazembe wake pa ine. Anati tiyeni tikumane pakati, mbali iliyonse itayepo kanthu, ine ndisaine lero, iye alonjeze. Ndinamuuza kuti kuntchito kwathu katundu satuluka pageti ndi lonjezo, amayamba walembedwa. Anati ndikutseka tsogolo la banja lonse chifukwa cha munthu amene si m'bale wathu n'komwe. Anati pakati pa mayiko palibe chibale, pali zofuna basi, ndipo ine ndikuganiza ngati munthu wa kusitolo. Pamenepo sananame. Ndine wa kusitolo. Ndinatseka cholembera chake n'kumubwezera.

Lachisanu nditaweruka ndinapita kukaona bambo a mapasa. Amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo okonzera matayala. Ndinapeza mayi a mapasa akuwamwetsa tiyi, kapu ili m'manja mwa mayiwo, mapasawo atakhala pansi akuonerera bambo awo akumwetsedwa ngati khanda. Mabandeji anawasintha, zala zayamba kuuma, koma kupinda sizikupinda. Anamva kale za magolovesi. Anthu onse kuntchito akudziwa kuti Kazembe ndi amene anawabweretsa, ndipo ine sindinawatsutse, chifukwa ndikatsutsa ndiye kuti ndanyoza magazi anga pagulu. Tsono bamboyo anandiuza kuti popeza zinazo zatheka, ndiye kuti yawonso ili m'njira. Anati ndikamuthokozere mwana wathu, Mulungu amuonjezere nzeru. Mayi a mapasa anatulutsa mazira anayi kuti ndikamupatse.

Achemwali, ndinalandira mazirawo. Ndikanatani? Ali m'kabati, sindinamupatse, ndipo m'nyumba muno palibe amene akufuna kuwadya.

Pempho langa ndi limodzi. Akaimba, musandiimbire ine kuti ndimumvere chisoni. Musatumenso alamu anga kuti akwere basi kudzandinyengerera, angotopa ndi ulendo, ndipo ku yunivesite salandira dzina lina koma langa. Inu muuzeni mwana wanuyo, ndi mawu aja munkatikalipira nawo tili ana, kuti avule jekete, atenge pepala, apite kuseri kwa malo okonzera matayala akakhale pansi. Ine sandimva, amati ndine wa kusitolo. Inu amakuopanibe.

Musaganize kuti sindikufuna apite. Tsiku limene bwana adzadinde lipotilo, fomu ndidzasaina lisanalowe dzuwa, ndipo chikwama chake ndidzamunyamulira ndekha mpaka kubwalo la ndege. Koma akapita mmene alilimu, ndiye kuti tikutumiza munthu woti mawa adzaimira dziko lonse, adzamwa tiyi, adzajambulitsa, n'kubwera kudzatiuza kuti zitseko zatseguka. Nthawi imeneyo sipadzakhala malume ake pakona akuwerenga manambala.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mankhwala samwera tsiku limene wadwala lokha. Moni kwa amayi aang'ono, kwa achimwene ndi banja lawo, ndi kwa adzukulu onse, makamaka wongoyamba kuyendayo. Alamu anu akupereka moni, akuti musawakwiyire za mphaka zija, koma akuti sakubweza. Ana akuti azakhali abwera liti. Kalatayi ndipatsira dalaivala wa basi ya mawa m'mawa, ifika Lachiwiri.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
wa kusitolo.

Kuti pasakhale kutsutsana mukamayankhula naye, mfundo zinali zisanu ndi ziwiri. Iye ananena ziwiri, anameza zisanu. Zinayi ndamubwezera ine. Mitanda ya bambo a mapasa lero yakwana 19, kwatsala masiku 11. Mfundo yatsala imodzi.